MAKOMPYUTA AKALE NDI ANTHU OWADZUTSA

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nchito ina imene anthu a m'maiko ambiri amaikonda, nchito yopanda malipiro, imene amaicita atawerukako ku nchito zao za masiku onse. Nchitoyi ndiyo kufunafuna makompyuta akale amene eni ace anawataya, kuwakonza kuti ayendenso, ndi kuwasunga bwino. Kapena wina wa inu afunsa kuti, "Nanga munthu wanzeru adzibvutiranji ndi cinthu cakutha, pamene foni ya m'thumba mwace iposa makina onsewo?" Funso limeneli nlabwino, ndipo ndiyesa kuliyankha ndi nkhani ziwiri za ku England. Pambuyo pace ndidzalongosola mmene nchitoyi iyenera kuyendera.

Nkhani yoyamba ndi iyi. M'caka ca 1086 mfumu William ya ku England inalembetsa buku lalikulu lowerenga minda, ziweto ndi anthu a m'dziko lace. Dzina la bukulo ndi Domesday Book. Linalembedwa ndi inki pa zikopa za nyama, ndipo kufikira lero lisungidwa ku Kew, mu London, kumene munthu wodziwa Cilatini akhoza kuliwerenga. Zitapita zaka 900, mu 1986, a BBC anafuna kukumbukira bukulo pocita cinthu cofanana nalo. Anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo ana a sukulu, analemba za midzi yao ndi kujambula zithunzi, ndipo zonsezo zinaikidwa pa mbale ziwiri zonyezimira. Koma mbalezo zinafuna makina aceace oziwerengera, ndiwo kompyuta ya BBC Master pamodzi ndi cipangizo ca Philips, ndipo mtengo wace unali pafupi mapaundi 5,000. Ogula anali owerengeka.

Pofika 2002, zitapita zaka 16 zokha, makina otha kuwerenga mbalezo anali atatsala ocepa ndithu, ndipo anthu anacita mantha kuti nchito ya ana aja itayika. Akatswiri a ku mayunivesite a Leeds ndi Michigan anayamba apeza makina akale otsalawo, natulutsa zolembedwazo, naphunzitsa kompyuta yatsopano kuti izicita monga yakale ija. Mu 2011 a BBC anaika mbali ina ya zolembedwazo pa intaneti. Taonani tsono, anzanga. Buku la cikopa lifuna maso okha, koma mau olembedwa m'kompyuta afuna makina, ndipo makinawo akafa mau aja afera momwemo. Munthu wosunga kompyuta yakale yamoyo ali ngati munthu wosunga kiyi wa nyumba imene ena onse anataya makiyi ace.

Nkhani yaciwiri ndi ya kompyuta ya ku Harwell, kumene kunali nyumba ya Boma la Britain yofufuziramo za mphamvu ya atomu. Kompyutayo inayamba kuyenda mu 1951. Kulemera kwace kunali matani awiri ndi theka, ndipo inali ndi timabotolo tagalasi 828, tofanana ndi mavalavu a m'wailesi zakale. M'kabotolo kali konse munali kamoto kofiira kozungulira malo khumi, kotero kuti munthu anali kuona ndi maso nambala imene makina alikuwerenga. Malamulo ace anali kulembedwa pobowola timabowo pa nthambo ya pepala. Inali yozengereza, pakuti kucurukitsa nambala ziwiri kunaitengera masekondi asanu kufikira khumi, koma siinali kutopa kapena kulakwa monga acitira munthu wowerengera ndi manja.

Mu 1957 a ku Harwell anaipereka ku koleji ya ku Wolverhampton, kumene anaipatsa dzina lakuti WITCH, ndipo inaphunzitsa ophunzira kufikira 1973. Pamenepo inapita ku nyumba yoonetseramo zakale ku Birmingham. Nyumbayo itatsekedwa mu 1997, makinawo anamasulidwa ziwaloziwalo naikidwa m'nyumba yosungiramo katundu. Mu 2008 Bambo Kevin Murrell, amene anaionapo ali mnyamata, anazindikira mbali yace ina pa cithunzi. Caka cotsatira inatengedwa kupita ku The National Museum of Computing, ku Bletchley Park, kumene anthu odzipereka, otsogozedwa ndi Bambo Delwyn Holroyd, anaitsuka ndi kuikonza zaka zitatu. Pa 20 November 2012 inayendanso pamaso pa anthu, ndipo mu 2013 a Guinness World Records anaichula kuti ndiyo kompyuta yakale koposa zonse imene inali kugwirabe nchito ndi ziwalo zace zapaciyambi. Makina amene anangokhala m'nyumba ya katundu zaka zoposa khumi anapulumuka cifukwa munthu mmodzi anawakumbukira.

Komatu ambiri okonda nchitoyi sakonza makina a matani. Iwo afuna makompyuta ang'ono a m'nyumba ndi a m'sukulu, monga BBC Micro ya 1981, ZX Spectrum ndi Commodore 64 za 1982, ndi Amiga 500 ya 1987. Spectrum yaikulu ya 1982 inali kusunga zilembo zosafika 50,000 pa nthawi imodzi, ndiko kuti cithunzi cimodzi cojambulidwa ndi foni ya lero sicingakwanemo. Ubwino wace ngwakuti makina otere ngosabvuta kuwamvetsa. Munthu wakhama akhoza kulondola njira ya magetsi kucokera polowera kufikira potulukira, ndi kudziwa nchito ya ciwalo ciri conse. Wophunzira pa makina amenewa aphunzira maziko a makompyuta onse.

Nanga apezeka kuti? Funsani m'zipinda zosungiramo katundu za masukulu, maofesi ndi mamishoni, m'misika ya zinthu zogwirako kale nchito, kwa okonza mawailesi, ndi kwa abale okhala ku maiko akunja. Musatenge kanthu popanda cilolezo ca mwini wace, ngakhale kali pa dzala la ofesi. Mukapeza kompyuta, pemphaninso mawaya ace, mabuku ace, makaseti ndi madisiki ace, pakuti kawirikawiri izi ndizo zobvuta kupeza koposa kompyuta yomweyo.

Tsopano imvani lamulo loposa onse: musafulumire kuyatsa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Makina ambiri akale amene anagona bwino zaka makumi atatu aphedwa pa mphindi imodzi ndi munthu wofuna kuona msanga ngati ayaka. Yambani mwawerenga zolembedwa kumbuyo kwace. Magetsi a kuno kwathu ndi a mavoti 230, monga a ku Britain, koma makina ocokera ku America anapangidwira mavoti 120, ndi a ku Japan mavoti 100. Mukawalumikiza ku khoma lathu popanda cocepetsera magetsi, apsa. Kenaka masulani cibvundikilo, cotsani fumbi ndi kaburashi kofewa, ndipo yang'anitsitsani ngati muli dzimbiri, cisa ca mphemvu, kapena waya wodyedwa ndi makoswe.

Adani a makina akale ali atatu, ndipo onse akhala m'kati mwa makinawo. Woyamba ndi bokosi lopereka magetsi. Timachipi, tizipangizo takuda tija ta miyendo yambiri, tambiri mwa ito tifuna mavoti asanu okha. Bokosi la Commodore 64 likakalamba likhoza kupereka magetsi opitirira pamenepo, ndipo timachipi tosunga zinthu tipsa mwakacetecete. Cifukwa cace yesani bokosilo palokha ndi mita yoyesera magetsi musanalilumikize ku kompyuta.

Mdani waciwiri ndi makapasita, tizipangizo tosunga magetsi kanthawi kocepa. Ena ali ngati timigolo ting'onoting'ono tokhala ndi madzi a mankhwala m'kati, ndipo pokalamba madziwo auma kapena atayikira pa bolodi. Ena, monga aja a m'bokosi la magetsi la BBC Micro, ang'aluka, nalowa cinyezi, ndipo poyatsa aphulika ndi utsi wonunkha wodzaza nyumba. Mtengo wa makapasita atsopano ngwocepa, ndipo wokonza wanzeru acotsa okaikitsa onse asanayatse.

Mdani wacitatu ndi kabatire kosunga nthawi. M'makina ena, monga Amiga 500 Plus ya 1991, kabatireko kanaocheredwa pa bolodi penipeni. Kakakalamba katulutsa mankhwala amene adya tinjira tamkuwa toyendamo magetsi, monga ciswe cidya mtanda wa denga osaoneka kunja. Mukaona zoyera kapena zobiriwira pafupi ndi batire, kacotseni tsiku lomwelo, pukutani malowo ndi viniga pang'ono, tsukani ndi spiriti, ndipo dikirani kuti paume. Ngakhale mulibe nzeru yokonza cina ciri conse, mukangocotsa batire lakale mwapulumutsa makinawo kuti wina adzawakonze m'tsogolo.

Ndiyenera kukucenjezani za ngozi, pakuti moyo wa munthu uposa makina onse. Galasi loonerapo lakale lija, lalikulu ngati wailesi yakanema yakale, ligwira nchito ndi mavoti zikwizikwi, ndipo likhoza kusunga magetsi ngakhale mutazula waya ku khoma. Makapasita akulu a m'bokosi la magetsi acitanso cimodzimodzi. Ngati simunaphunzire, musatsegule zimenezi. Pitani nazo kwa mmisiri wokonza mawailesi akanema, ndipo mukhale pambali pace kuti muone mmene acitira. Safunsa anadya phula. Poocherera tsegulani mazenera, ndipo sambani m'manja musanadye, pakuti m'coocherera cakale muli mtobvu, umene uli woopsa makamaka kwa ana.

Kompyuta ikayaka, nchito yoyamba isakhale masewera iai. Kumbukirani mbale za Domesday zija. Makaseti ndi madisiki akale agwira cuku, ndipo lamba wa mphira wozunguza makina awo asungunuka ndi ukalamba. Disiki ina ilola kuwerengedwa kamodzi kokha, kenaka nkufa. Cotero koperani zonse ziri m'menemo, muziike m'kompyuta ya lero ndi pa malo enanso aciwiri. Kapena mupezamo kaundula wa sukulu, mawerengero a ndalama za mpingo, kapena buku limene munthu analemba koma sanalisindikize. Zimenezi nza eni ace. Abwezereni, ndipo musaulule zinsinsi za anthu zimene mwaziona.

Kusunga nakonso kuli ndi mwambo wace. Ikani makina pa malo ouma, pamwamba osati pansi, kutali ndi dzuwa limene lisanduliza pulasitiki kukhala yacikasu ndi yosweka msanga. Abvundikireni ndi nsaru m'nyengo ya fumbi, ndipo m'nyengo ya mvula zulani mawaya onse ku khoma cifukwa ca mphezi. Ayatseni nthawi ndi nthawi. Khalaninso ndi kabuku kolembamo tsiku limene munawapeza, kumene anacokera, bvuto limene munaliona, ndi ciwalo cimene munasintha. Ciwalo cakale cimene mwacotsa musataye ngati siciri coononga. Cimangeni m'kathumba, mulembepo dzina lace.

Mau anga otsiriza ndi kwa inu amisiri akulu amene munagwira makina amenewa akali atsopano. Ciwalo cikasowa, anthu akhoza kupanga cina, koma nzeru ya m'mutu mwa mmisiri ikapita siibwera. Pa tsiku lija la mu 2012 ku Bletchley Park, awiri mwa amisiri amene anapanga kompyuta ya ku Harwell analipo, ali okalamba, kuona nchito ya manja ao irikuyendanso m'manja mwa anthu ena. Inunso itanani mnyamata kapena mtsikana wa cidwi, mumpatse mita ndi kaburashi, akhale pambali panu pamene mulikukonza. Ndipo inu nonse amene muli ndi kompyuta yakale pansi pa bedi kapena m'cipinda ca katundu, musaitaye ku dzala kapena kuiocha pamoto. Cotsani batire lace mawa lomwe, ndipo mufunse ngati alipo wina woifuna.