Za Womenya Mpira Amene Wakalamba

Mau olankhulidwa kwa Mlonyeni, m'boma la Mchinji

Abale ndi alongo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, mlandu umene tadza nao lero ena adzati ngwacibwana, pakuti ndiwo mlandu wa mpira. Koma taona anyamata a mudzi umodzi akuleka kupatsana moni cifukwa ca iwo, ndipo mlandu wolekanitsa abale suli waung'ono konse.

Nkhani yace ndi iyi. M'timu yathu muli munthu amene watimenyera mapenate ndi mafirikiki zaka zambiri, ciyambire pamene ena a inu munali kumsana kwa amai anu. Tsopano imvi zayamba kuoneka, mpweya umthera msanga, ndipo m'masewero apitawa anaphonya penate pamene tinasowa cigoli cimodzi cokha. Anyamata ati, Acoke, malo ace atenge wina. Akuru ati, Iai, kodi mwaiwala zimene anaticitira? Ndipo mwatifunsa ife kuti tinenepo.

Tisanayankhe, tiyeni tioloke malire pa Mwami, tikaone kwa abale athu a ku Zambia, pakuti mlandu womwewu unafikanso kumeneko.

Kalusha Bwalya anabadwa m'caka ca 1963. M'caka ca 1988 anamwetsa Italy zigoli 3 pa masewero a Olympic ku Korea, Zambia nipambana 4 kwa 0, ndipo caka comweco anasankhidwa kukhala womenya mpira woposa onse mu Africa. M'mwezi wa April 1993 ndege yonyamula timu ya Zambia inagwa m'nyanja pafupi ndi Libreville, ku Gabon. Anafa anthu 30, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. Kalusha anatsala, popeza anali ku Holland, kumene anasewerera PSV Eindhoven. Iye anatsogolera timu yatsopano, nifika ku masewero otsiriza a cikho ca Africa mu 1994, kumene Nigeria inaigonjetsa 2 kwa 1.

Zitapita zaka khumi, m'mwezi wa September 2004, Zambia inakomana ndi Liberia ku Lusaka. Pamenepo Kalusha anali wa zaka 41, ndiponso ndiye anali mphunzitsi wa timuyo. Sanayambe nao masewero. Anakhala pa benchi. M'cigawo caciwiri, popanda wogoletsa, analowa m'bwalo. Firikiki inapezeka, naimenya, mpira nulowa. Zambia inapambana 1 kwa 0.

M'nkhani imeneyi tipezamo zinthu zitatu.

Coyamba ciri kwa inu anyamata. Ukalamba sulanda zonse tsiku limodzi. Uyamba kulanda liwiro ndi mpweya, koma diso ndi mtima wofatsa zitsalira nthawi yaikuru. Penate imenyedwa pa mtunda wa mamita 11 okha, ndipo mpira uli ciimire. Munthu safunikira kuthamangitsa wina. Cofunika ndico kudziwa kumene goloboyi adzagwera, ndi kusanjenjemera pamene khamu lonse liri kupfuula. Nzeru yotere siphunziridwa m'nyengo imodzi ya dzinja. Makolo athu anati akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto. Tsono musaweruze munthu ndi penate imodzi yophonya. Ndani mwa inu sanaphonyepo? Inu mukaphonya timati mwacita tsoka. Iye akaphonya mukuti wakalamba. Muyeso wotere suli wolungama. Werengani zonse anazimenya caka cino, zolowa ndi zophonya, ndipo pamenepo mulankhule.

Caciwiri ciri kwa inu akuru, ndi kwa mbale wathu mwini. Taonani kuti Kalusha sanadzipatse mphindi zonse 90, angakhale mphamvu yakutero inali m'dzanja lace. Anadziwa muyeso wa miyendo yace. Timu iri ndi anthu 11, ndipo mmodzi akalephera kubwerera msanga kudzachinga, anzace khumi asenza katundu wace. Kumsunga munthu m'bwalo cifukwa ca zimene anacita kale, pamene anzace alema ndi kumthamangira, ndiko kulipira mangawa athu ndi thukuta la ana. Ndiponso mnyamata wokhala pa benchi zaka zitatu kulindira malo adzagwa mphwayi, napita ku timu ya mudzi wina, kapena kuleka mpira konse. Cakudza siciimba ng'oma. Tsiku lina bondo lidzakana, ndipo ngati sitinakonzeretu wolowa m'malo, tidzatsala manja ali m'khosi.

Cacitatu ciri kwa ife tonse. Kuturuka m'bwalo sikutanthauza kuti nchito yatha. Kalusha anakhala mtsogoleri wa bungwe la mpira la Zambia mu 2008, ndipo mu 2012 timu yace inatenga cikho ca Africa ku Libreville komweko, pafupi ndi nyanja imene inameza anzace. Inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate, 8 kwa 7, ndipo penate yotsiriza anaimenya Stoppila Sunzu, mnyamata wa zaka 22, amene anali kamwana pa nthawi ya ngoziyo. Kwathu kuno tiri naye Kinnah Phiri, amene anagoletsera dziko lathu zigoli 71. Ataleka kusewera anakhala mphunzitsi, natengera Flames ku cikho ca Africa ku Angola mu 2010, kumene tinagonjetsa Algeria 3 kwa 0. Anthu awa anapindulitsa maiko ao kawiri, poyamba ndi mwendo, pambuyo pace ndi nzeru.

Cotero uphungu wathu ndi uwu. Mbale wathu asapitikitsidwe, ndiponso asakakamire malo. Alowe m'cigawo caciwiri, pamene adani alema, ndipo akakhala m'bwalo mapenate akhale ace kufikira kutha kwa caka cino. Pakati pa sabata asankhe anyamata awiri kapena atatu, awaphunzitse poika phazi ndi poyang'ana, osawabisira kanthu. Ndipo tsiku lakutsazika aliike yekha, kuti tidzamperekeze ndi nthungululu mudzi wonse uli pomwepo. Munthu wotere sayenera kumva za kucotsedwa kwace pa msika kapena pa citsime.

Inu aphunzitsi, nkhani iyi muitengere ku midzi yanu, pakuti sikhudza mpira wokha. M'sukulu muli mphunzitsi amene maso ace acita cidima. M'mudzi muli mmisiri amene dzanja lace layamba kunthunthumira. Ana ali kupenya m'mene ticitira nao anthu otere, ndipo adzatero nafenso tsiku lathu likadzafika, pakuti palibe mmodzi wa ife adzakhala mnyamata masiku onse. Amene tiri ndi zaka zopitirira makumi anai tayamba kale kumva maondo pokwera phiri, ndipo tiyenera kudzifunsa kuti, Kodi tamphunzitsa ndani wodzagwira nchito yathu?

Anyamata amene munalekana moni, gwiranani canza musanaturuke pano. Loweruka likudzali tidzakhala pa bwalo, ndipo tifuna kudzaona mkuru ndi mwana atabvala malaya amodzi. Mtendere ukhale pakati panu.