Zisudzo za Agogo M'midzi Mwathu



Mutu umene ndapatsidwa ndi wa zisudzo za anthu achikulire m'midzi. Pempho langa ndi limodzi: mudzi uliwonse umene uli ndi bwalo ukhale ndi gulu la zisudzo limene eni ake ndi agogo. Iwo apeke nkhani, iwo asewere, ife ana awo tikhale pansi n'kuonera. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumtima mukuti, "Aphunzitsi, nkhalamba ya imvi ikachite sewero ngati mwana wa sukulu?" Funsolo n'loyenera. Ndiliyankha posonyeza kuti luso limeneli ndi la agogo kuyambira kale, ndiponso kuti masiku ano likhoza kupulumutsa moyo wa munthu.

Tiyambe ndi zimene tonse tidakulira. Gogo akati "Padangokhala," ana n'kuvomera kuti "Tili tonse," sewero lidayamba kale. Munthu mmodzi yemweyo amakhala Kalulu, n'kusanduka Fisi, n'kusandukanso Njovu. Amasintha mawu, amakwinya nkhope, amayambitsa nyimbo ana n'kumavomera. Pamtondo amayi amaimba madandaulo awo mophiphiritsa, ndipo mwamuna waulesi kapena mpongozi wolongolola amamva yekha kuti nyimboyo ndi yake, ngakhale dzina lake silidatchulidwe. Pachinamwali anamkungwi amalangiza ndi nyimbo, magule ndi zifanizo. Pabwalo la milandu nkhoswe yodziwa kuyankhula imayala nkhani mwaluso mpaka mdani n'kugwedeza mutu. Ngakhale Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, amaphunzitsa mwambo poonetsa khalidwe loipa poyera kuti anthu aliseke ndi kulisiya. Osunga zonsezi adali akuluakulu. Choncho tikamapempha agogo kuti alowe m'bwalo, tikuwabwezera ntchito yawo yomwe.

Ntchitoyi idawachoka pang'onopang'ono. Wailesi idalowa m'nyumba, kenaka nyumba zoonetsera kanema zidafika pamisika, lero lamya ili m'manja mwa mdzukulu aliyense. Ana ambiri a agogowa ali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni. Ena adatisiya m'zaka zija Edzi idavuta kwambiri, ndipo agogo adatsala ndi ana amasiye. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'Malawi muno tidalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi. Kumidziko n'kumene kuli achikulire athu ambiri. Ena mwa iwo limatha tsiku lathunthu popanda wowafunsa kuti adzuka bwanji.

Zisudzo nazo zidapita m'manja mwa achinyamata, ndipo ambiri amazichita bwino. Ife aphunzitsi a m'sekondale timanyadira ana athu akamapikisana pa masewero, monga mmene sukulu zakhala zikuchitira kwa zaka zambiri m'mipikisano ya ATEM. Koma taonani mmene nkhalamba imaonekera m'masewero ambiri a achinyamata. Mnyamata amadzola ufa kumutu, amapinda msana, amanjenjemeretsa ndodo. Khalidwe limene amampatsa gogoyo kawirikawiri limakhala la mitundu iwiri: chitsiru chosamva za makono, kapena mfiti. Anthu amaseka, n'kubwerera kwawo. Mwana woonera zimenezi kawirikawiri amakula akudziwa kuti ukalamba ndi chinthu choseketsa kapena choopsa.

Chithunzi chimenechi chili ndi zotsatira zake. M'mwezi wa Januwale m'chaka cha 2016, m'boma la Neno, anthu anayi achikulire adaphedwa ndi anthu a kwawo komweko powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Dziko lonse lidagwidwa ndi chisoni, koma nkhani zotere sizidathere pomwepo. Chaka ndi chaka timamva za agogo omenyedwa, otenthedwera nyumba, othamangitsidwa pamaliro a mdzukulu wawo. Nthawi zambiri oyambitsa chipongwecho amakhala abale awo enieni, ndipo mukafufuza bwino mumapeza kuti pansi pa nkhani ya ufitiyo pagona nkhani ya munda, ya mbuzi, kapena ya ndalama za Mtukula Pakhomo.

Palinso zina zimene thupi lokalamba limachita, zomwe mudzi umazimasulira molakwa. Mayi amene waphika pa nkhuni zaka 60 maso ake amafiira ndi utsi. Munthu wokhala yekha amayankhula yekha. Pali matenda a muubongo amene madokotala amawatcha dementia, omwe amagwira makamaka okalamba: munthu amaiwala maina a ana ake, amatuluka usiku osadziwa kumene akupita, ndipo kukacha amapezeka pakhomo pa eni, mwina wosavala bwino, akuyankhula zosamveka. Ameneyo ndi wodwala wofunika kumuperekeza kwawo ndi kumufunditsa. M'midzi yambiri amati wagwa pa ndege ya ufiti, ndipo ukamufunsa mwaukali amavomera chilichonse.

Malamulo oteteza anthu amenewa alipo. Lamulo la zaufiti la m'chaka cha 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kulemekeza ndi kuthandiza okalamba, komanso kuwalimbikitsa kuti azitenga nawo mbali pa moyo wa m'dera lawo. M'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lapadera loona za anthu achikulire, ndipo mabungwe monga MANEPO akhala akuwayankhulira kwa nthawi yaitali. Zonsezi n'zabwino. Komabe lamulo lili m'buku, polisi ili kutali, ndipo gulu lolusa limasonkhana m'kanthawi kochepa. Chimene chingaimitse mwala usadaponyedwe ndi mtima wa anthu a m'mudzimo. Mtima umenewo umaumbidwa pabwalo.

Kuti zisudzo zimatha kusintha maganizo a mudzi si nkhani yongoganizira. M'chaka cha 1981, aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College, pamodzi ndi a Chris Kamlongera ndi a David Kerr, adapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukapanga masewero ochokera pa mavuto a anthu a kumeneko. Kuyambira m'chaka cha 1985 njira yomweyi idagwiritsidwa ntchito m'midzi ya kufupi ndi Liwonde pa nkhani za umoyo, monga madzi abwino ndi ukhondo. Luso lake lidali lakuti osewera sankamaliza okha nkhani. Pakati pa sewero ankatembenukira kwa oonera n'kuwafunsa chochita, ndipo anthu amene pamsonkhano wamba akadangokhala chete ankayamba kutsutsana ndi kupangana. Ku Brazil nakonso, katswiri wa zisudzo Augusto Boal, pamene adali khansala mumzinda wa Rio de Janeiro pakati pa 1993 ndi 1996, ankagwira ntchito ndi magulu a anthu wamba, limodzi mwa iwo la okalamba. Madandaulo amene okalambawo adaonetsa m'masewero awo adabala lamulo lakuti zipatala za mzindawo zikhale ndi madokotala odziwa matenda a ukalamba.

Tsono tiyerekeze sewero lotere pabwalo la kwanu. Mayi wamasiye wa zaka 75 ali ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje. Mwana wa mchemwali wake akulifuna dimbalo. M'mudzimo mwana wamwalira ndi malungo chifukwa adachedwa naye kuchipatala. Pasiwa mnyamata uja ayamba kunong'oneza anzake kuti gogo adaoneka usiku kuseri kwa nyumba ya malemu. Manong'onong'o akula, anyamata atola miyala, ayamba ulendo wa kunyumba ya gogo. Pomwepo ng'oma ilira, sewero liima, ndipo wotsogolera afunsa khamu kuti: "Inu mukadakhala nyakwawa, mukadatani? Inu mukadakhala mdzukulu wake, mukadaima kuti?" Wina aimirira, alowa m'bwalo, ayesa njira yake. Ikalephera, wina ayesa ina.

Mphamvu ya sewero limeneli ili pa amene akusewera mbali ya mayi wamasiyeyo. Akakhala mtsikana wodzola ufa, anthu adzaseka. Akakhala gogo weniweni wa m'mudzimo, amene aliyense adamwapo thobwa lake, palibe adzaseke. Anthu adzamva mawu ake akunjenjemera, adzamuona akufunafuna pothawira, ndipo adzadziona okha m'gulu lonyamula miyala lija. Mudzi umene wayeserera masana mmene ungatetezere nkhalamba sudzasowa woyamba kuletsa chipongwe tsiku limene zenizeni zidzafike.

Phindu lina ndi la osewerawo. Munthu amene ali ndi kopita Lachitatu lililonse amasamba, amavala, amayenda, amaimba, amaseka ndi anzake. Akajomba, anzake amatuma mwana kukaona ngati ali bwino. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mfiti m'maganizo a anthu imakhala munthu wa yekha, wa mumdima, wosadziwika zochita zake. Gogo amene mudzi wonse umamudziwa kuti ndi uja amasewera bwino mbali ya mfumu yaumbombo n'kovuta kumusandutsa chilombo.

Phindu lachitatu ndi la ife osunga chikhalidwe. Si masewero onse ayenera kukhala a misozi. Agogowa ali ndi mbiri imene mabuku a sukulu amangoikhudza pamwamba. Alipo amuna amene adapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ndipo alipo amayi amene adatsala akulera ana okha zaka zonsezo. Alipo ochepa amene akukumbukira njala ya mu 1949, ndi ambiri amene adaona ya mu 2002. Akudziwa mmene ankasungira chimanga m'nkhokwe, mmene ankafutsira ndiwo za mfutso, mmene ukwati unkayendera kuchokera kwa ankhoswe mpaka kulowana. Mawu ambiri a chinenero chathu amene ana a lero sawadziwa ali m'kamwa mwawo. Nkhani zimenezi zikaseweredwa, mwana amaziona ndi maso, ndipo chimene waona sachiiwala msanga. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, koma kuti agonere ayenera kuyamba amveka.

Kuyambitsa gulu lotere sikulira chuma. Pafunika anthu khumi kapena khumi ndi asanu, chilolezo cha amfumu, mthunzi wa mtengo, mphasa, mipando ingapo ya amene mawondo amawavuta, ndi ng'oma imodzi. Nthawi yabwino ndi ya chilimwe, anthu atakolola, kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala. Azikumana masana n'kubalalika dzuwa likadalipo, chifukwa maso a okalamba savomera mdima, ndiponso sitifuna kuti kuyenda kwawo usiku kubale mphekesera zina. Pasakhale zolemba zoti aloweze pamtima, popeza ambiri sadapite kusukulu ndipo luso lawo ndi la pakamwa. Ayambe ndi kucheza, wina asimbe zimene adaona, anzake aonjezere, kenaka agawane mbali. Sewero lisatalike. Theka la ola likwanira, nthawi yotsalayo ikhale ya kukambirana. Pa tsiku loonetsa aitanidwe mlangizi wa zaumoyo ndi a chitetezo cha m'mudzi, kuti mafunso okhudza matenda ndi malamulo ayankhidwe pomwepo.

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Choyamba, sewero lisatchule dzina la munthu weniweni kapena kutengera mlandu umene udakali pabwalo la amfumu, kuopa kuti lingasanduke chida chobwezerana. Chachiwiri, za kudambwe ndi za kutsimba zikhale kumalo ake, ndipo eni mwambo ndiwo anene malire. Chachitatu, tisayambe ndi ndalama. Gulu lobadwa chifukwa cha alawansi limafa tsiku limene galimoto ya bungwe yasiya kubwera. Mtsuko wa thobwa ndi mbatata zophika, zosonkha eni mudzi, zimasunga gulu nthawi yaitali.

Achinyamata ali ndi malo awo pa ntchitoyi. Anyamule mipando, aperekeze agogo ovutika kuyenda, aimbe ng'oma, asewere mbali za ana ndi adzukulu. Eni ake akalola, ajambule seweroli pa lamya kuti lisungike. Koma chiwongolero chikhale m'manja mwa achikulire. Aphunzitsi anzanga, makalabu athu a zisudzo akhoza kupalana ubale ndi mudzi umodzi woyandikana ndi sukulu, ndipo ana athu adzaphunzira Chichewa chimene sitingathe kuwapatsa m'kalasi.

Kwa inu mafumu athu, bwalo ndi lanu, ndipo mukalitsegula palibe angalitseke. Mfumu ikakhala pampando kuonera sewero la nkhalamba za m'mudzi mwake, anthu onse amadziwa kuti nkhalambazo zili ndi mwini. Kwa akuluakulu a bungwe lathu, ndikupempha kuti pa mwambo wa chaka chamawa, pakati pa magule ndi zoyankhula, papezeke ola limodzi la magulu a zisudzo a agogo ochokera m'madera athu. Timanena kawirikawiri kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Dambo nalo limafuna kulisamala, chifukwa likauma moto umadutsa n'kukafika kumudzi. Aliyense wa ife amene Chauta adzamupatse masiku ambiri adzakalambira m'mudzi umene tikuumba lerowu.