NKHWANGWA M'DZANJA LA MULUNGU

Ulaliki wa pa Kongwe. Mau: 2 Mafumu 17:1-23, Yesaya 10:5-19.

Abale okondedwa mwa Ambuye, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, lero tilingalire za mafuko khumi a Israyeli, amene anacotsedwa m'dziko lao, osabwereranso monga mtundu. Hoseya, mfumu yao yotsiriza, analeka kupereka msonkho kwa Salimanesere mfumu ya Asuri, nakapempha thandizo ku Aigupto. Pamenepo Aasuri anazinga Samariya zaka zitatu, ndipo mudzi unagwa caka ca 722 Kristu asanabadwe. Sarigoni, amene analowa ufumu wa Salimanesere, analembetsa m'nyumba yace yacifumu kuti anagwira anthu 27,290. Malembowo anafukulidwa ku Khorsabad, m'dziko la Iraq. Andendewo anakhalitsidwa ku Hala, ku mtsinje wa Habori, ndi m'midzi ya Amedi.

Sarigoni anayesa kuti anapambana ndi mphamvu yace, koma Buku Lopatulika litionetsa cifukwa cina. Ciyambire Yerobiamu, amene anaimika anaang'ombe agolidi ku Beteli ndi ku Dani, kunapita zaka ngati 200, Yehova alikuleza mtima. Anatuma Eliya, anatuma Amosi, ndi aneneri ena. Koma anthu anapembedzabe mafano, napsinja aumphawi. Sanataye dzina la Yehova ai. Analisanganiza ndi milungu yacilendo.

Tsono Asuri anali ciani? Yesaya amfanizira ndi nkhwangwa. Inu nonse mudziwa kuti potema mphanje, nkhwangwa siisankha mtengo. Wosankha ndiye mwini munda. Ndipo popeza nkhwangwayo inadzikuza, inaweruzidwa nayonso: caka ca 612 Nineve anapasulidwa ndi Ababulo pamodzi ndi Amedi, eni midzi ija munakhala andende a Israyeli.

Mapiri athu ano adziwanso kubalalika kwa anthu. Angoni anaoloka Zambezi caka ca 1835, ndipo pambuyo pace Ciwere anamanga kuno ku Dowa. Acewa ambiri anasiya minda yao, nakabisala m'nkhalango ya phiri la Nchisi. Ena anagulitsidwa kwa Jumbe ku Nkhotakota, naolotsedwa nyanja, osaonekanso. Tisanene kuti makolo amenewo anacimwa koposa anzao. Za Samariya aneneri anaulula cifukwa. Za makolo athu mneneri sanatiuze, ndipo Ambuye Yesu pa Luka 13 atiletsa kuweruza kotere. Koma ici ticidziwa, kuti ufumu wa mitundu yonse uli wa Yehova. Mfumu Ciwere, amene nkhondo za anthu ace zinaopsa dziko, ndiye analola Murray ndi Vlok kumanga pa Mvera caka ca 1889. Ndipo caka ca 1894 Blake anayamba nchito pano pa Kongwe. Lero adzukulu a othamangitsa ndi adzukulu a othamangitsidwa adyera pamodzi pa gome la Ambuye. Kodi ndani anakonza zimenezi? Si Ciwere, si Azungu, koma Mulungu yekha.

Cifukwa cace, abale, tiope. Ciweruzo cija cinagwera anthu odziwa cilamulo. Ndipo ife tiri nao Mau m'cinenero cathu kuyambira caka ca 1922. Munthu aimba m'nyumba ya Mulungu tsiku la Sabata, koma mwana akadwala apita usiku kwa woombeza ula. Wina alanda munda wa mkazi wamasiye, wina acepsa muyeso pogulitsa cimanga. Kodi si njira ya Samariya imeneyi? Inu aphunzitsi, ana aona mayendedwe anu asanamve maphunziro anu. Musaimike mwanawang'ombe m'mudzi umene munatumidwa kuuunikira.

Akulu anati, Pakadafunda padajiwitsa galu. Kuleza mtima kwa Mulungu sikuli cilolezo ca kucimwa. Ndiko nthawi ya kulapa. Dzanja limene linagwira nkhwangwa ndilo linapereka Mwana wace Yesu Kristu, kuti asenze ciweruzo cathu pamtanda, nasonkhanitse obalalika a mitundu yonse. Bwererani kwa Iye lero, khomo likali lotseguka. Amen.