MOTO, PHALA NDI MWANA M'NYENGO YA CISANU

Mau kwa amai ndi abambo a m'midzi ya boma la Mwanza

 Lero ndifuna tikambirane za kuphika m'nyengo ya cisanu, makamaka pa banja pamene pali ana ang'ono.

Mudziwa nonse kuti miyezi ya June ndi July ndiyo yozizira koposa. Masiku ena kumagwa ciperoni, nkhungu ndi mbvula yowaza ija imene inatenga dzina lace ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Pa masiku otere amai amalowetsa mafuwa m'nyumba, ndipo ana onse amaunjikana pamoto. Moto umene uphika phala la mwana ndi womwewo umene umtentha, ndipo utsi wace umdwalitsa. Tsono nchito yathu ndi yakuti mwana adye zofunda ndi kukhuta, koma moto ndi utsi zisampweteke.

Tiyambe ndi cakudya. Mwana wamng'ono amazizidwa msanga koposa munthu wamkulu, ndiponso mimba yace njaing'ono. Cifukwa cace sangathe kudikira nsima ya masana monga acitira atate wace. Mwana asanakwane miyezi 6 bere lokha limkwanira. Akakwana miyezi 6 ayambe phala kawiri kapena katatu pa tsiku. Kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanai, ndi kanthu kena kotolatola pakati, ndipo apitirize kuyamwa kufikira zaka 2 kapena kupitirirapo.

Phala lamadzimadzi la ufa woyera limangodzaza mimba, mphamvu mulibe. Phikani la mgaiwa, lolimba kotero kuti silidontha msanga pa supuni. Thiranimo supuni imodzi kapena ziwiri za nsinjiro. Tsiku lina thiranimo dzira, tsiku lina usipa wosinja, tsiku lina mfutso wosinja ndi mafuta pang'ono. Posinja mtedza tayani wonse wacuku ndi wofumbwa, cifukwa cuku ciri ndi ululu umene umaononga ciwindi, ndipo suutha ndi moto. Mtedza wosasinja musampatse mwana wamng'ono, ungamtsamwe.

A Unduna wa Zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zocokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Zambiri mwa izi ziri m'nkhokwe ndi m'minda yathu nyengo ino. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, iri ndi vitamini A amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi. Mukaiphika futali ndi nsinjiro m'mamawa, banja lonse lidya mphika umodzi, ndipo khanda mungolipotera pambali. Nandolo wamuwisi ndi nyemba ziphikeni zipsye kwambiri, kuti mwana azitha kudya nao.

Ife a ku Mwanza tiri ndi mwai wina umene anzathu a m'maboma ena amausirira: manacesi athu amapsya m'nyengo yomwe ino. Madengu amadzaza pa mseu kunka ku Blantyre, koma pakhomo pena ana osalawako. Musagulitse onse. Madzi a nacesi amathandiza thupi kutenga bwino zoonjezera magazi zimene ziri m'nyemba ndi m'masamba. Cotsani njere, mpatseni mwana akatha kudya. Ndipo mkute musaupereke wozizira. Uwiritseni kufikira utatentha mkati momwe, ndi kuupoza musanamdyetse.

Tsopano za moto. Ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre kuli cipinda ca anthu opsya, ndipo ambiri ogona m'menemo ndi ana ang'ono amene anapsya pakhomo pao, ndi madzi owira, phala kapena malawi. Mwana wokwawa sadziwa mphika wotentha. Cifukwa cace mphika mukauphula musauike pansi pamene ana apita, ndipo cigwiriro ca poto cisaloze kunja. Chingani mafuwa ndi njerwa mizere iwiri kapena itatu. Mukapita kumjigo, musasiye khanda pamoto ndi mlezi amene nayenso ndi mwana. Zobvala za nailoni zikagwira moto zimasungunuka ndi kumatirira pakhungu. Munthu wodwala khunyu, mwana kapena wamkulu, asaothe moto ali yekha.

Mbaula yadothi yochedwa Chitetezo imathandizanso, cifukwa malawi amakhala mkati, ndipo imadya nkhuni zocepa koposa mafuwa. M'caka ca 2013 boma linalonjeza kuti mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020, ndipo kucokera pamenepo magulu ambiri a amai anaphunzira kuziumba. Koma kumbukirani kuti nayo imatentha kunja kwace.

Sindinena kuti ana athamangitsidwe pophika. Mwana amaphunzira poona amai ace. Wa zaka 4 kapena 5 angathe kusankha nyemba mu licero, kuswa mtedza ndi kusenda manacesi, atakhala pa mphasa patali ndi mafuwa. Kusonkha moto ndi kuphula mphika ndi nchito ya akulu. Abambo, inunso iri ndi gawo lanu: sungani nkhuni zouma pa khonde ciperoni cisanagwe, ndipo nyamulani mwana pamene amai akuthyakula nsima.

Nkhuni zonyowa zimafuka kwambiri, ndipo khanda lakumbuyo limapuma utsi womwewo umene amai apuma. Utsi umabweretsa cifuwa ndi cibayo. Tsegulani citseko ndi zenera pophika, ngakhale kuzizire. Makala ndiwo oopsya koposa: amatulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Musagone ndi mbaula yoyaka m'nyumba yotseka. Katemera wa cibayo anayamba kuperekedwa m'dziko muno m'caka ca 2011, tsono onani kuti mwana wanu walandira ku sikelo. Mukaona mwana akupuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati, thamangani naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kucipatala tsiku lomwelo.

Mwana akapsya, thirani madzi oyera ozizira pa balalo kwa mphindi 20, koma thupi lonse mlifunditse kuti asazizidwe. Musapakepo dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta, phulusa kapena ndowe. Matuza musawaboole, ndipo cobvala comatirira pa bala musacikoke. Phimbani ndi nsaru yoyera, ndi kupita naye kucipatala.

Mukabwerera kwanu, kauzeni anzanu amene sanabwere. Madzulo ano yang'anani pamene pali mafuwa anu ndi pamene pakhala mwana wanu, ndipo mawa m'mamawa phala la nsinjiro likhale loyamba pamoto.