Za Kuzindikira Katundu Wakuba ndi Nambala Yace

Tifuna kunena za mlandu umene ufika kawiri kawiri pa mabwalo anu, ndiwo wa munthu amene agula cinthu ndi ndalama za thukuta lace, ndipo m'mawa mwace apezeka m'manja mwa Polisi, pakuti cinthuco cinali cakuba.

Tiyambe ndi njinga. Njinga ziwiri za Humber zifanana monga mazira a nkhuku imodzi. Wobedwa anena, Ndi yanga, ndiizindikira ndi cishalo. Wogula nayenso alumbira kuti ndi yace. Nanga mfumu idzaweruza bwanji? Cishalo cisinthika, belu licotsedwa, utoto upakidwa wina usiku umodzi. Koma opanga anadinda nambala pa citsulo ca felemu, kuti njinga iyi isiyane ndi zinzace. Igadamitseni, magudumu aloze kumwamba, nimuyang'ane pansi pa malo pamene zopalasira zizungulira. Pa njinga zina, makamaka zakale, nambalayo iri pafupi ndi cishalo, kapena pamene gudumu la pambuyo ligwira felemu. Mukaona kuti pamalopo papalidwa ndi tupa, kapena pamatidwa utoto wokhuthala, musafunsenso mtengo, pakuti palibe munthu afafaniza nambala ya njinga yace ya iye mwini.

Lamya ya m'manja, imene ana athu aicha foni, iri nayo nambala yochedwa IMEI, ya ziwerengero 15. Dinizani *#06# monga ngati muitana munthu, ndipo idzaoneka. Foni yolowa makadi awiri ionetsa nambala ziwiri. Mbala itaya kadi ya mwini niikamo yace, niyesa kuti yacenjera. Koma nambala imeneyi ndi ya foni, si ya kadi iai, ndipo kampani ya lamya iiona nthawi zonse foniyo ikagwira nchito. Ndimo mace Polisi atsata foni kufikira kwa munthu amene ali nayo lero, ndipo kawiri kawiri ameneyo ndiye wogula, mbala itapita kale. Cifukwa cace linganizani nambala ya m'foni ndi ya pa bokosi ndi ya pa risiti; zikasiyana, bwezani.

Njinga yamoto iri nazo ziwiri, ya pa khosi la felemu ndi ya pa injini, ndipo zonse ziyenera kubvomerezana ndi zolembedwa m'kalata wace wa Boma.

Tsono pano ndipo tifuna kuti timvane bwino. Nambala payokha siinena kanthu. Ikhala mboni pokha pokha ngati mwini anailemba cinthu cisanabedwe, nakaipereka ku Polisi citabedwa. Ambiri a ife sitidziwa nambala ya njinga imene taikwera zaka khumi! Munthu wotere akabedwa afika ku Polisi ndi mau akuti, Inali yakuda, ya cishalo cong'ambika. Ndipo njinga zakuda za zishalo zong'ambika ziri m'mudzi uli wonse. Momwemonso wogula asadzitonthoze kuti, Ndinafunsa ku Polisi, ndipo nambala sinapezeke m'buku lao. Kapena mwini sanadandaule. Kapena anadandaula ku boma lina. Nambala ikapezeka m'buku, cinthu ncakuba ndithu. Ikapanda kupezeka, funso likali pomwepo, ndipo mufunsebe wogulitsa dzina lace, mudzi wace, mfumu yace, ndi kumene anacitenga. Akulu anati safunsa anadya phula. Wogulitsa woona sakana kupita nanu ku Polisi. Iye amene afulumira, nati basi imsiya, natsitsa mtengo kawiri musananene kanthu, mumleke apite.

Lamulo la milandu la dziko lino, pa gawo 328, linena kuti wolandira kapena wosunga katundu, podziwa kapena pokhala naco cifukwa cakukhulupirira kuti ngwakuba, akhoza kumangidwa kufikira zaka 14. Tamvetsani mau akuti cifukwa cakukhulupirira: mtengo wocepetsetsa, malonda a usiku, nambala yopalidwa, zonsezi woweruza adzakufunsani. Ndipo ngakhale mumasulidwe, cinthu cibwerera kwa mwini, ndalama zanu zapita ndi mbala.

Pempho lathu kwa Mafumu ndi ili: kuti nyakwawa ili yonse isunge kabuku, m'mene mudzalembedwa dzina la mwini, mtundu wa cinthu, nambala yace, ndi tsiku limene anacigula, ndi kuti malonda a njinga ndi foni a pakati pa anthu a m'mudzi acitike pa maso pa mboni ziwiri, kalata alembedwe pawiri, nambala iri momwemo, wogula atenge wace, wogulitsanso wace. Tipempha a Pampando kuti mau awa akambidwe lero, ndipo ngati msonkhano ubvomereza, Mlembi atumize makalata ku midzi mwezi uno usanathe.