Masanje a m'Mapesi ndi Masanje a pa Kanema

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, chimanga chitaloŵa m'nkhokwe, minda ya m'chigwa cha Phalombe imasanduka ya ana. Kuyambira m'munsi mwa phiri la Michesi kufikira kumadambo oyandikana ndi nyanja ya Chilwa, munthu woyenda m'tinjira ta m'midzi amatha kuona utsi wopyapyala ukufuka pakati pa nandolo, ndipo akasendera pafupi amapeza timisasa ta mapesi, pakhomo pa kalikonse pali mafuwa atatu. Amenewo ndiwo masanje. Ana amakunkha chimanga chotsalira, napempha mchere kwa amayi awo, ena nkutapako ufa m'lichero mwakabisira, kenaka amamanga mudzi wawo poteropo, kutali pang'ono ndi maso a akulu.

Chokoma cha masanje si nsima yake, imene kaŵirikaŵiri imakhala ya mibulu, koma kagaŵidwe ka maudindo. Wina amakhala mfumu, wina nyakwaŵa. Atsikana osinkhukirapo amakhala amayi, ndipo anyamata amakhala abambo oyenera kubwerako ndi ndiwo, kaya mbeŵa, kaya ziwala, kaya kambalame kogwidwa pa ulimbo. Ang'onoang'ono amakhala ana, ntchito yawo kulira ndi kutumidwa. Pamakhala tambala, amene akangolira ndiye kuti kwacha, ngakhale dzuŵa lili paliwombo. Pamakhalanso fisi, wozemba kuseri kwa misasa anzake akunamizira tulo, naba mphika wa ndiwo. Akagwidwa amatengeredwa kubwalo kapena kupirikitsidwa ndi zibuma. Mwana akalandira udindo wake amauvala thupi lonse. Mawu amasintha, kayendedwe kamasintha, ndipo womuitana ndi dzina lake lenileni amadzudzulidwa ndi mudzi wonse.

Kuseŵera movala umunthu wa wina kuli ponseponse pa dziko lapansi, koma anthu a ku Japan adakuika m'makina. Mu Novembala 1990 kampani ya Nintendo idatulutsa makina otchedwa Super Famicom, amene ku America adayamba kugulitsidwa mu 1991 ndi dzina lakuti Super Nintendo. Kadali kabokosi kotuŵa kolumikiza ku wailesi ya kanema, ndipo seŵero lililonse linkabwera m'kaseti yakeyake yoloŵetsa pamwamba pa kabokosiko. Makina oposa 49 miliyoni adagulitsidwa m'maiko osiyanasiyana. Ana ambiri a ku Phalombe a zaka zimenezo sadaŵaone, ndipo nzosadabwitsa, pakuti Malaŵi adatsegula wailesi yake ya kanema mu 1999, makinawo atakalamba kale.

Mwa maseŵera a pa makinawo, amene akukumbukiridwa kwambiri mpaka lero ndi a mtundu wotchulidwa ndi zilembo zitatu, RPG. Woseŵera amapatsidwa munthu wa m'nthano kuti akhale iye. Amamuyendetsa ndi mabatani m'midzi, m'nkhalango ndi m'mapanga, amalankhula ndi anthu, amagula zida ndi mankhwala, ndipo pa ulendowo amapeza anzake oyenda nawo. Akakumana ndi chilombo amalimbana nacho mosinthana, uyu amenye, uyo amenye, monga momwe oseŵera bawo amadikirana. Akapambana mphamvu zake zimakwera. Nthano imodzi imatha kudya maola 30 kapena 40, motero m'kaseti munkakhala kabatire kosunga pamene munthu walekezera.

Kunena zoona, gawo lalikulu la maolawo ndi lotopetsa. Kupha chilombo chimodzimodzicho kambirimbiri pofuna kukweza mphamvu sikusiyana ndi kupalira mzere wautali. Komabe akulu amene adakulira pa makinawo akamafotokoza maseŵera amene adaŵakonda, satchula zilombo kwenikweni. Amatchula ukwati, mlandu, lamya ya bambo, ndi nsomba yopatsa wodwala. Amatchula zinthu zomwezo zimene mwana wa kwa Mkhumba kapena wa kwa Nazombe amaseŵera m'mapesi.

Dragon Quest V, ya mu 1992, yolembedwa ndi Yuji Horii, imayamba ndi kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi kakuyenda pambuyo pa bambo wake. Bamboyo amaphedwa mwanayo akuona, ndipo iye amakhala kapolo zaka khumi. Atathaŵa ndi kukula, woseŵera amauzidwa kuti asankhe mkazi pakati pa Bianca, mnzake wa paubwana, ndi Flora, mwana wa munthu wachuma. Kusankha kumeneku anthu a ku Japan akukanganabe nako ngakhale papita zaka zoposa 30. Mlomwe wa ku Phalombe, kumene mwamuna amakakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, akadafunsa msanga kuti ankhoswe ali kuti pa nkhani yotere, ndipo funsolo nloyenera. Koma nthanoyo ili ndi chinthu chimodzi chimene mkamwini aliyense angachimvetse. Mwamunayo, atabereka mapasa, amasandutsidwa mwala kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo pomaliza zimadziŵika kuti ngwazi yolonjezedwa yopulumutsa dziko si iye ai, koma mwana wake. Iye adangokhala wolera.

EarthBound, imene idatuluka ku Japan mu 1994 ndi dzina lakuti Mother 2, yolembedwa ndi Shigesato Itoi, siitsamira pa malupanga kapena nyumba za mafumu. Ness ndi mnyamata wa m'tauni, wovala kapusi. Bambo wake saoneka pa kanema ngakhale kamodzi kufikira nthano itatha. Amangomveka pa lamya. Ness akaimba, bamboyo amamuuza ndalama zimene wamuikira ku banki, nalemba pamene ulendo wafika, ndipo kulemba kumeneko ndiko kumasunga seŵerolo. Mwana akaseŵera nthaŵi yaitali, bamboyo amaimba yekha kumufunsa ngati sikoyenera kupumulako. M'midzi ya m'chigawo cha kumwera bambo wotereyu ngodziŵika kuyambira masiku a Wenela, pamene amuna ankapita kumigodi ya ku Joni nkumangotumiza kalata ndi bulangete. Lero kalata idasanduka uthenga wa pa lamya wonena kuti ndalama zaloŵa. Ndipo pali china. Ness akatha nthaŵi osalankhula ndi mayi wake amagwidwa ndi matenda opukwa kwawo, moti pakati pa nkhondo amangoima chilili, akulingalira chakudya cha kunyumba, adani akumumenya. Mankhwala ake sagulidwa m'sitolo. Ayenera kupeza lamya ndi kuimbira amayi.

Za bwalo la milandu zili mu Chrono Trigger ya mu 1995. Pachiyambi penipeni mnyamata Crono amayendayenda pa chionetsero, ndipo woseŵera, posadziŵa kuti pali omuona, amatha kudya kamba wa nkhalamba ina kapena kunyalanyaza kamtsikana kotaya mphaka wake. Patsogolo Crono amazengedwa mlandu wakuba mwana wa mfumu, ndipo onse aja amabwera kudzachitira umboni. Choseketsa, kapena chomvetsa chisoni, nchakuti ngakhale oweruza amupeze wosalakwa, nduna ya mfumu imamutsekerabe m'ndende ndi kukonza zomupha. Mfumu ya kumasanje, ndi mphuno yake yamamina, imaweruza fisi mwachilungamo kuposa apa.

Koma seŵero limene lingalankhule kwambiri ndi munthu wa ku Phalombe ndi Final Fantasy VI, la kampani ya Square, la mu 1994. Lili ndi anthu 14 oti woseŵera nkuŵayendetsa, ndipo palibe mmodzi amene ali mwini nthano. Nthano zambiri za mtunduwu zimalonjeza kuti tsoka likubwera, kenaka ngwazi imaliletsa. Muno ai. Pakatikati pa ulendo, munthu woipa wotchedwa Kefka amapambana. Nthaka imang'ambika, mapiri amagumuka, midzi imamira, ndipo gulu lonse la abwenzi limabalalika osadziŵana kumene lagwera.

Anthu a m'munsi mwa Michesi safuna womasulira pa chithunzi chotere. Mu Malichi 1991, mvula itagwa kosalekeza, phiri lidakhetsa madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba, ndipo anthu mazanamazana adafa. Akulu adati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adabweretsa zomwezo m'chigawo cha kumwera, kumene anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa, ndipo dera la Nkhulambe lidali limodzi mwa madera osakazidwa koopsa. Amene adapulumuka amadziŵa kuti chovuta si usiku wa chigumula wokha, komanso m'maŵa mwake, pamene munthu ayenera kuyamba kufunsa kuti uje ali kuti, nanga uje adamuona ndani.

Final Fantasy VI imapereka theka lake lonse lachiŵiri ku m'maŵa umenewo. Patapita chaka, mtsikana Celes amatsitsimuka pa kachilumba. Amene wakhala akumudwazika ndi nkhalamba Cid, ndipo ena onse amene adagwera pa chilumbacho adataya mtima nafa. Tsopano Cid ndiye wadwala. Celes amamutcha agogo, ndipo ntchito ya woseŵera, amene posachedwapa ankalimbana ndi magulu a nkhondo, imakhala kutsikira kugombe kukagwira nsomba ndi manja. Seŵerolo silimuuza kuti nsomba zosambira mwaliŵiro ndizo zopatsa thanzi, ndi kuti zoyenda mwaulesi zimakulitsa matenda. Mwana wa msodzi wa pa Chilwa akadazindikira yekha, pakuti amadziŵa kuti nsomba yolefuka m'madzi ili ndi chifukwa. Oseŵera ambiri sadazindikire. Ankagwira zosavuta kugwira, ndipo pobwerera ankapeza nkhalambayo itazizira pa kama. Kaya Cid achire kaya amwalire, Celes amapeza kabwato ka mitengo kamene nkhalambayo idamukonzera, nawoloka kukafunafuna anzake mmodzimmodzi.

Mmodzi mwa iwo, Terra, amamupeza m'mudzi wa Mobliz, m'mene akulu adafa potchinjiriza ana. Terra, mtsikana wamphamvu zoopsa amene kale ankagwiritsidwa ntchito ngati chida cha nkhondo, akulera ana amasiyewo, ndipo iwo akumutcha amayi. Anzake akamuitana kuti abwerere kunkhondo, poyamba amakana. Apa masanje asanduka moyo weniweni, monga zimachitikira m'misasa ya anthu othaŵa madzi, kumene mtsikana amene chaka chatha ankaphika m'chitini poseŵera amapezeka akuphikira azing'ono ake pa mafuwa enieni. Nzodabwitsa kuti anthu opanga zoseŵeretsa adalimba mtima kuika zimenezi m'kaseti yogulitsa kwa ana.

Pali zina zimene makinawo sadathe kutengera. M'maseŵera onse anayiwa woseŵera amakhala kumbali ya abwino. Palibe amene amauzidwa kuti lero ndiwe fisi, pirira zibuma, maŵa udzakhala mfumu. Kumasanje udindo umaperekedwa ndi anzako, nthaŵi zina mokondera, ndipo mwana amaphunzira kukangana, kunyanyala, ndi kubwereranso yekha ataona kuti mudzi ukupitirira popanda iye. Pa kanema anthu onse a m'mudzi amadikira woseŵera, akubwereza mawu omwewo mpaka iye atafika. Ndiponso nsomba ya Celes ilibe fungo, pamene mbeŵa ya kumasanje imadyedwa ndithu, ndipo kansima kakapsa bwino kamatengedwa kumudzi kuti agogo alaŵe ndi kunena ngati wophikayo akukula. Mbali inayi, makina ali ndi chifundo chimene moyo ulibe: amene waphetsa Cid angathe kubwerera pamene adasungira ndi kuyesanso.

Masiku ano Chrono Trigger, Dragon Quest V ndi Final Fantasy VI zimagulitsidwanso kuti ziseŵeredwe pa lamya za m'manja, zonga zimene zimatchajidwa m'timashopu ta pa Migowi ndi pa Chiringa. Mawu ake ali m'Chingerezi, m'Chijapani ndi m'zilankhulo zina zakunja. M'Chicheŵa kapena m'Chilomwe mulibe, ndipo popeza maseŵera ameneŵa ndi oŵerenga kwambiri kuposa omenya, mwana wosadziŵa Chingerezi amangoona tianthu tikuyenda. Makaseti akale aja alipobe kwa anthu oŵasunga, ndipo ena, makamaka a EarthBound, amagulidwa pa mtengo wokwera kuposa pamene adali atsopano. Vuto lake ndi kabatire kaja. Pakatha zaka zambiri kamafa, ndipo kakafa, maina amene mwana adapatsa anthu ake, mkazi amene adasankha ndi maola onse amene adayenda zimafufutika. Odziŵa ntchito ya mawaya amatsegula kasetiyo ndi kuwotcherera kabatire kena, koma mwini wake amayenera kuyambiranso nthano pachiyambi.