KULEMBETSA MWANA SIKUMPHUNZITSA

Mau amene analankhula Mlembi wa Nthambi pa msonkhano wa mamembala. Tawalemba muno chifukwa cha abale amene sanathe kufika.



Ndiyambe ndi kuthokoza kuti mwasiya makasu anu ndi kudza kuno, pamene ntchito ya kumunda yachuluka. Mwezi wathawu Komiti ya Nthambi inandituma kuti ndikakhale pa sukulu yathu ya pulaimale masiku atatu, kuyambira belu loyamba kufikira ana ataweruka, ndi kudzakuuzani zimene ndinaona. Ndinapita, ndipo a Hedimasitala anandilandira bwino, nandipatsa mpando kumbuyo kwa kalasi. Tsono ndabwera ndi mau amodzi, ndiwo awa: kulembetsa mwana m'kaundula sikumphunzitsa ai. Dzina likhoza kukhala m'buku zaka zisanu ndi zitatu, mwini dzina natuluka osatha kuwerenga kalata yochokera kwa amalume ake.

Tisanafike pa za lero, tikumbuke kumene tachokera. Sukulu inafika m'dziko muno ndi amishoni: a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889. Mu 1900 John Chilembwe anakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, natsegula masukulu oyendetsedwa ndi Aafirika eni. Boma la atsamunda, limene linkatolera msonkho chaka ndi chaka, silinakhale ndi dipatimenti ya maphunziro kufikira 1926, ndipo sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940. Nchifukwa chake pamene makolo athu anayamba Nyasaland African Congress mu 1944, nkhani ya sukulu inali m'gulu la madandaulo ao akulu.

Ufulu tinalandira mu 1964, koma fizi inakhalapobe, ndipo ambiri amene mwakhala pansipa munasiyira panjira chifukwa atate anu anasowa ndalama. Mu 1994 Boma linachotsa fizi ku pulaimale, ndi kuleka kukakamiza yunifomu. M'chaka chimodzi chokha ana a m'sukulu anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupi ndi 3 miliyoni. Zipinda zinachepa, mabuku anachepa, ndipo Boma linalemba msangamsanga aphunzitsi zikwi zambiri amene anali asanaphunzire ntchitoyo. Pambuyo pake lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti sukulu ya pulaimale ndi yokakamiza. Chotero khomo limene makolo athu analirira linatseguka. Funso langa ndi ili: nanga mwana akalowa pa khomopo, m'katimo akupezamo chiani?

Ndikuuzeni tsiku la pa sukulu monga ndinaliona. M'mawa ana akulu amasesa pabwalo, ena amatunga madzi pa mjigo. Chitsulo chopachika pa mtengo chikalira, onse amaima m'mizere, napemphera, naimba nyimbo ya fuko, namva zolengeza. Atatero amalowa. A Sitandade 8 ali ndi madesiki, pakuti iwo ndiwo akukonzekera mayeso a MANEB. A Sitandade 1 amakhala pansi, ndipo ndinayesa kuwawerenga mitu koma ndinalekera pa zana, mphunzitsi ali mmodzi. Muyeso umene Boma linadziikira ndi wakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. Kalasi ina imakhala pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira pa tsinde, ndipo pa tsiku lachiwiri mvula itagwa phunziro linathera pomwepo.

M'kalasi ya aang'ono ndinaona mai mphunzitsi akuphunzitsa kuwerenga. Njira yake ndi imene inabwera ndi National Reading Programme, imene Boma linayamba mu 2016 chifukwa cha ana a Sitandade 1 mpaka 4. Mwana amayamba kumva liu la lembo, kenaka amaona maonekedwe ake, kenaka amaphatikiza malembo awiri kukhala phatikizo, monga ma, me, mi, mo, mu, ndipo maphatikizo amabala mau. Mphunzitsi amachita yekha poyamba, kenaka amachita pamodzi ndi ana, potsiriza ana amachita okha. Njirayi ndi yabwino, ndipo Chichewa chathu chimathandiza, pakuti chimalembedwa monga chimamvekera. Koma taganizani, abale anga: ngati phunziro liri la theka la ola, ana ali zana, kodi mwana mmodzi angawerenge mokweza kangati mphunzitsi akumva? Okhala kutsogolo amagwira. Okhala kumbuyo amangobwereza mokuwa zimene anzao anena, ndipo ukawalozera lembo lomwelo paokha amangoyang'ana pansi.

Apa ndipo pagona bvuto lonse. Mwana amene sanagwire kuwerenga m'makalasi oyamba sathanso kutsata masamu, sayansi kapena Chingerezi m'makalasi a pamwamba, pakuti zonsezo zimadzera m'buku. Amabwereza kalasi, nabwerezanso, nakula msinkhu pakati pa tiana, manyazi namgwira, nasiya. Ife kumudzi timati mwanayo alibe mutu, pamene choona nchakuti palibe munthu anakhalapo naye pansi ndi kummvera akuwerenga. Akulu anati m'mera mpoyamba. Mbeu ya sukulu imamera kapena kufa mu Sitandade 1 ndi 2, osati mu Sitandade 8 m'mene timayamba kuda nkhawa.

Tsono mudziwe kuti ntchito yomvera mwana akuwerenga siifuna satifiketi. Mwana akabwera ndi kope lake, mumuitane asanapite kukasewera, akhale pa mphasa, akuwerengereni zimene alemba lero. Ngakhale inu simudziwa kuwerenga, mudzamva ngati akudodoma kapena akuyenda bwino, ndipo iye adzadziwa kuti kunyumba amafunsa. Ngati m'banjamo muli wa Sitandade 6 kapena 7, akhale ndi mng'ono wake kanthawi kochepa dzuwa lisanalowe. Pepala likasowa, pansi palipo ndi kamtengo; ambiri a ife tinaphunzira a, e, i, o, u pa dothi. Ndipo buku la sukulu likabwera kunyumba, musang'ambeko pepala lopichirira fodya kapena lokulungira mandasi, pakuti buku lomwelo likudikiridwa ndi mwana wina chaka chamawa.

Chachiwiri chimene ndinaona ndi phala. Mudziwa kuti m'masukulu ambiri ana amalandira likuni phala, la ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yotere muno m'Malawi mu 2002, ndipo dongosolo lake ndi lakuti ufa umachokera kwa othandiza, koma manja ophika ndi a anthu a m'mudzi, osalipidwa. Pa sukulu yathu ndinapeza amai anai okha, amene anadzuka tambala asanalire, nasenza nkhuni zao. Anandiuza kuti maina a m'ndandanda ndi ambiri, koma obwera ndi omwewo. Tsiku limene iwo adwala kapena apita kumaliro, moto suyaka, ndipo aphunzitsi amati tsiku lotsatira ana amachepa. Abambo, kodi nkhuni zinalembedwa kuti ndi za amai okha? Ngolo tiri nazo, njinga tiri nazo. Mwana wa njala samva za mphunzitsi, amamva za m'mimba.

Chachitatu ndi ana osaoneka. A Hedimasitala ananditsegulira kaundula, ndipo ndinaona kuti kujomba kuli ndi nyengo zake. Pa tsiku la msika ana amachepa, pakuti tawatuma kukagulitsa tomato ndi zitumbuwa. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, amapita nafe ku ganyu. Nthawi yothyola ndi kusoka fodya amasowanso. Anyamata ena ali ku ubusa wa ng'ombe ndi mbuzi, ena ali m'nyumba za vidiyo pa msika nthawi ya sukulu. Sindikunyoza umphawi wa munthu, pakuti ndi wathu tonse. Koma tiyeni tiwerengere: mwana wojomba tsiku limodzi pa sabata wataya gawo limodzi mwa magawo asanu a chaka chake. Kodi munda wopaliridwa mizere inai, wachisanu nkusiyidwa, tingaudandaule ukapereka zochepa? Ndipo kwa inu Mafumu athu, ndi ulemu wonse, tikupempha kuti chinamwali ndi miyambo ina iikidwe pa nthawi ya tchuti. Mwambo ndi wathu, sukulu ndi yathunso, ndipo ziwirizi siziyenera kulimbirana mwana mmodzi.

Kunena za atsikana, m'makalasi aang'ono ali ochuluka ngati anyamata, koma pofika ku Sitandade 7 ndi 8 mizere yao yafupika. Amai a Mother Group anandifotokozera zifukwa mosabisa. Mtsikana akakula, masiku ake a kumwezi amakhala kunyumba, chifukwa pa sukulu palibe kachipinda kobisika kokhala ndi madzi. Amaiwa amasoka nsalu zothandiza atsikana, koma kachipindako kafuna njerwa, ndipo njerwa ziri m'manja mwathu. Ena amatenga pathupi, ena amakwatiwitsidwa. Mudziwe kuti kuyambira 1993 pali lamulo la Unduna lolola mtsikana kubwerera ku sukulu atabereka. Mudziwenso kuti mu 2015 Nyumba ya Malamulo inaika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati, ndipo mu 2017 malamulo akulu a dziko anakonzedwa kuti agwirizane ndi zimenezo. Mu 2015 momwemo Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana, nibweza anawo ku sukulu. Chimene chinatheka ku Dedza sichingakanike kuno.

Tisaiwalenso ana amene timawabisa m'nyumba: wosamva bwino, wosaona bwino, wobvutika kuyenda, wakhunyu, wachialubino. Kawirikawiri chithandizo choyamba nchaching'ono. Mwana wachialubino amaona mobvutikira, chotero akhale kutsogolo pafupi ndi bolodi, abvale chipewa ndi malaya a manja atali, ndipo asayende yekha popita ndi pobwera. Wosamva bwino akhale pamene angaone pakamwa pa mphunzitsi. Ku Montfort, ku Nguludi, amaphunzitsa aphunzitsi a ana otere, ndipo a Hedimasitala akhoza kufunsa kwa a PEA a m'zoni yathu. Koma sangafunsire mwana amene sanamuone.

Ndinaonanso zokondweretsa, ndipo ndingalakwe kuzibisa. Kuseri kwa sukulu kuli dimba la ndiwo za masamba ndi nazale ya mitengo, ndipo ana amayeza mabedi ndi chingwe, naphunzira masamu ali ndi khasu m'manja. Madzulo kuli mpira wa miyendo wa chikulunga, mpira wa manja wa atsikana, ndi kwaya. Mphunzitsi wina anandiuza kuti pali anyamata amene amabwera chifukwa cha mpira, nakhalira chifukwa cha buku. Musanene kuti zimenezi ndi kutaya nthawi. Aphunzitsi athu akugwira ntchito yolemetsa, ena m'nyumba zodontha, ndipo mau abwino ochokera kwa kholo sagulidwa ndi ndalama.

Tsopano ndinene za ife eni, a ndale. Sukulu si ya chipani. Muli ana athu, mulinso ana a anzathu a zipani zina, ndipo phala limatuluka m'mphika umodzi. Tonse taonapo, m'maboma osiyanasiyana, ana akutulutsidwa m'kalasi kukaima m'mbali mwa mseu kapena kukabvina pa msonkhano wa akuluakulu. Nthambi ino isadzachite zimenezo, ngakhale mlendo akhale wamkulu chotani. Popita kukaumba njerwa tisiye nsalu ndi mbendera zathu kunyumba, kuti aliyense abwere wopanda mantha. Tikafuna kulankhula, malo alipo: Komiti ya Sukulu ndi msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Kumeneko tifunse mwaulemu za ndalama zimene zalowa ndi m'mene zagwirira ntchito, ndipo tikane kuti mwana abwezedwe chifukwa alibe yunifomu. Kwa Khansala ndi Phungu wathu tidzapita ndi pempho lolembedwa la aphunzitsi ndi zipinda, pakuti imeneyo ndi ntchito ya Boma, ndipo sitidzaleka kuwakumbutsa. Koma kudzutsa mwana m'mawa si ntchito ya Phungu.

Chotero, Bambo Wapampando, ndikuika pamaso pa msonkhano mfundo zisanu.

Yoyamba: m'mudzi uliwonse tisankhe mamembala awiri, mai ndi bambo, amene pamodzi ndi a Mfumu adzalemba ana onse a zaka 6 ndi kupitirira amene sali pa sukulu, ndi kukacheza ndi makolo ao mwaubale.

Yachiwiri: membala aliyense amvere mwana akuwerenga masiku atatu pa sabata, wake kapena wa mnansi, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Yachitatu: abambo atenge ntchito ya nkhuni za phala, mudzi ndi mudzi mosinthana, ndipo ndandanda ipachikidwe pa sukulu.

Yachinai: tikakolola tiumbe njerwa za kachipinda ka atsikana ndi kalasi imodzi, titagwirizana ndi Komiti ya Sukulu.

Yachisanu: Nthambi ino isaitane mwana wa sukulu ku msonkhano uliwonse pa nthawi ya maphunziro.

Pakutha pa chigawo chino cha sukulu ndidzapitanso, ngati mundituma, ndipo ndidzapempha kukhala kumbuyo kwa Sitandade 2 ndi kumvera ana a mzere wotsiriza. Zimene ndidzamve ndidzakuuzani monga ziri, zokoma kapena zowawa. Makolo athu anapempha sukulu kwa atsamunda zaka zambiri, ena nafa asanaione. Ife tiri nayo pa mtunda wa phazi. Lolemba likudzali belu lidzalira, ndipo mwana aliyense wa m'midzi yathu akapezeke pa mzere.